Mwano wapamsewu ukutimaliza

 Inu amene mwagwira chiwongolero pakali pano, nkhani ya lero ndi yanu kwambiri. Musazimitse wailesi. Makutu akhale kuno, maso akhale pamsewu.

Tikamva kuti kwachitika ngozi, timafulumira kunena za maenje, za misewu yopapatiza, za matayala akutha. Zonsezo n'zoona, ndipo ndizikhudza. Koma lero ndikufuna tiyambire pa mwano, chifukwa kwa ine ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Munthu amene kunyumba kwake amalandira alendo ndi manja awiri, amene akaona apongozi amavula chipewa, akangotseka chitseko cha galimoto amasiya kuona anthu. Woyenda pansi amasanduka chomuchedwetsa. Wapanjinga amasanduka chinthu chofunika kuchithamangitsira kutchire. Mtima umenewo ndi umene umaponda mafuta pamene pamafunika kuponda mabuleki.

Kaimeni m'mawa pamalo aliwonse owolokera anthu mumsewu wa Chipembere ku Blantyre, kapena pafupi ndi depoti ku Lilongwe. Mupeza agogo aima kumayambiriro kwa mizere yoyera ija, dzanja limodzi lagwira mdzukulu wodwala, lina lagwira buku lakuchipatala lokulungidwa m'jumbo. Akaponya phazi, galimoto ikubwera osachepetsa liwiro, abwerera. Aponyanso, abwereranso. Kenako wina wachisoni aima. Agogo ayamba kuwoloka, koma wa pambuyo pa uja waimayo akuliza hutala ngati kwabuka moto, wina akukhotera kumbali kuti apitirire, n'kutsala pang'ono kumuwomba mwanayo. Atsitsa galasi, ndiye mawu ake ndi akuti, "Mwatopa nawo moyo?" Agogo aja sayankha. Amangothamanga mwa ukalamba wawo, chitenje chikumasuka, n'kukafika kutsidya mtima ukugunda, ngati kuti iwo ndiwo alakwa. Komatu lamulo likuti pamizere imeneyo woyenda pansi ndiye woyamba. Amene waima sanachite chifundo chapadera, wangochita zimene anayenera kuchita.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ulemu tili nawo, ndipo pamsewu pomwepo timauonetsa. Mudzi ukagwa maliro, anyamata amathyola nthambi zamasamba n'kuziika pamsewu, uku ndi uku. Palibe wapolisi, palibe kamera, palibe chindapusa. Koma dalaivala aliyense amachepetsa liwiro. Wa minibasi amatsitsa wailesi. Wapanjinga amatsika n'kumaikankha, chipewa chili m'manja. Palibe amene amaliza hutala, palibe amene amati ndachedwa. Zimenezi n'zabwino ndipo zisathe. Funso langa ndi ili: ngati phazi limatha kuchoka pamafuta chifukwa cha munthu amene wagona kale m'nyumba ya siwa, likulephera bwanji kuchoka chifukwa cha mwana wa Sitandade 2 amene akuwoloka kupita kusukulu? Dalaivala ndi yemweyo, galimoto ndi yomweyo, msewu ndi womwewo. Sitinganene kuti kudekha sitikutha.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe chimene chikupha ambiri kuposa ngozi zapamsewu. Chigawo cha Africa chili ndi magalimoto ochepa kwambiri, pafupifupi atatu okha pa 100 alionse a padziko lapansi, koma imfa imodzi mwa zisanu zilizonse zapamsewu imachitika kuno. Kuno kwathu ku Malawi, pakhala zaka zimene chiwerengero cha apolisi chadutsa anthu 1,000 omwalira pachaka. Mukagawa, ndiye kuti pafupifupi maliro atatu tsiku lililonse, Lamulungu lomwe. Ndipo ambiri mwa anthu amenewa analibe galimoto. Anali pansi, anali panjinga, anali kumbuyo kwa kabaza, anali kugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

Tiyeni tilowe m'minibasi, poti ambirife ndimo timakwera. Tonse tikudziwa kuti lamulo likuti atatuatatu pampando. Tonse tikudziwanso mawu a kondakitala: "Sunthani pang'ono mayi, alowe mmodzi yekha." Mmodzi yekhayo akalowa, pabweranso wina wokhala pa injini, chitseko sichikutsekeka, kondakitala theka la thupi lili kunja. Dalaivala akaona munthu waima m'mbali, amaima pomwepo, pakati pa msewu, osapereka chizindikiro chilichonse. Akaona minibasi inzake kutsogolo, mpikisano wayamba, chifukwa wofika msanga pasiteji ndiye atole anthu. Apitirira pakona, apitirira pachitunda, apitirira pamene mzere wapakati ndi wosadukiza, mzere umene tanthauzo lake n'lakuti pano usayerekeze. Mayi wina kumbuyo akati, "Adalaivala, tayendetsani bwino, tili ndi ana muno," yankho limabwera lokonzeratu: "Ngati mukuopa, tsikani." Kapena lija lopweteka koposa: "Mukagule yanu."

Achimwene anga oyendetsa maminibasi, ine sindikukuonani ngati adani. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumadzuka nkhuku zisanalire n'kukaweruka usiku anthu atagona. Ndikudziwa kuti madzulo bwana akufuna ndalama yake yokwanira, kaya kunagwa mvula, kaya munataya theka la tsiku pamzere wa mafuta. Pa ndalama yomweyo muchotse ya mafuta, ya oitanira pasiteji, ya kondakitala, kenako muone ngati kwatsala ya ndiwo kunyumba. Munthu wopanikizika chotero amaona ulendo uliwonse ngati nkhondo. Zimenezo ndikuzimva. Koma mayi uja amene mwamuuza kuti akagule yake, ndiye amene wakulipirani. Ndalama imene mukapereke kwa bwana yatuluka pamfundo ya chitenje chake. Sanakupempheni zambiri, wangopempha kuti akafike wamoyo.

Ndipo inu eni maminibasi, musabisale kumbuyo kwa madalaivala anu. Mukaika tageti imene munthu sangaikwanitse popanda kuthamanga ndi kupakira mopyola muyeso, liwirolo mwalamula ndinu, ngakhale muli kunyumba. Mukadziwa kuti matayala afika poonetsa mawaya koma n'kunena kuti ayende kaye sabata ino, mwasankha ndinu. Kodi mumadziwa amene wagwira chiwongolero cha galimoto yanu masana? Nthawi zambiri dalaivala weniweni akatopa amapatsa waganyu, mnyamata amene anaphunzirira kuyendetsa pasiteji pomwepo, wopanda laisensi, kuti amenye maulendo awiri. Anthu amene akwera m'menemo sadziwa chilichonse. Iwo angoona munthu wakhala kutsogolo n'kumukhulupirira.

Koma tisanamizire a minibasi okha, ngati kuti mwano umakhala kudepoti basi. Ulipo wina wovala tayi. Ulipo wa galimoto zazikulu zamagalasi akuda, zimene zimabwera pambuyo panu n'kumakuthwanimirani magetsi kuti muchoke, ngakhale kumanzere kwanu kuli anthu apanjinga. Ulipo wa munthu amene waona anzake onse ali pamzere, iye n'kudutsa m'mbali mwa msewu, moyenda anthu apansi, fumbi koboo, kuti akalowerere kutsogolo. Ameneyutu sathamangitsidwa ndi tageti ya munthu aliyense. Amangoona kuti nthawi yake ndi yamtengo wapatali kuposa ya ena onse. Lachisanu madzulo yemweyo amachoka kumalo omwera, makiyi m'manja, akunena kuti, "Ine ndikamwa m'pamene ndimayendetsa bwino." Anzake amaseka, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto. Bodza limeneli laika anthu ambiri m'manda. Mowa umachedwetsa maso ndi phazi, koma umakuuza kuti uli bwinobwino, ndipo kuopsa kwake n'komweko.

Ndiyankhulepo pang'ono za liwiro, poti ambiri timalitenga ngati nambala chabe imene wapolisi amatigwira nayo. Galimoto ikamayenda pa makilomita 100 pa ola, pa sekondi imodzi yokha imadutsa mamita pafupifupi 28. Foni ikalira, inu n'kutsitsa maso masekondi atatu kuti muone amene watumiza uthenga pa WhatsApp, mwayenda mamita oposa 80 muli wosaona. Pamtunda umenewo pakhoza kukhala mbuzi, ngolo, kapena mwana amene mpira wake wagubudukira mumsewu. A WHO akuti woyendetsa amene akugwiritsa ntchito foni ali pachiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwira. Chinanso chimene ambiri sanauzidwe n'chakuti mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene galimoto imafuna kuti iime mutaponda mabuleki suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pofika pamalo a malonda pali chikwangwani cha 50. Pa liwiro limenelo, mwana akatulukira mwadzidzidzi, mwayi woima ulipo. Pa 90 kapena 100 mulibe chimene mungachite, ngakhale mutakhala katswiri wa zaka 30 pachiwongolero.

Ndipo msewu wathu waukulu wa M1, umene wachokera ku Nsanje mpaka ku Songwe m'boma la Karonga, si msewu wa magalimoto okha. Umadutsa pakati pa miyoyo ya anthu. Pa Lunzu, pa Lizulu, pa Chimbiya, pa Nathenje, pa Mponela, pa Jenda, tsiku la msika kabichi ndi mbatata zimafika mpaka m'mphepete mwa phula, ogulitsa akuthamangira basi iliyonse imene yaima, ana akuwoloka uku ndi uku. Anthu a ku Ntcheu sanaiwale zimene zinachitika pa Kampepuza mu 2019, pamene lole inalowa pamalo a malonda n'kupha anthu oposa khumi nthawi imodzi. Anthu amenewo sanali paulendo woopsa. Anadzuka m'mawa kukafuna ya sopo ndi ya mchere. Dalaivala aliyense wa lole amene amanyamuka akudziwa kuti mabuleki akuvuta, mwini katundu aliyense amene amati pitani choncho tikakonza pobwera, akumbukire dzina limeneli la Kampepuza. Makhonsolo nawonso achite mbali yawo. Kuuza anthu kuti achoke mumsewu popanda kuwakonzera malo abwino ogulitsirapo n'kungosuntha vuto kwa sabata imodzi.

Usiku ndiye kumakhala zina. Lole ikafa pachitunda, imasiyidwa pomwepo mumdima, yopanda nyali, yopanda zikwangwani zofiira zamakona atatu zija zimene lamulo limafuna kuti galimoto ikhale nazo. M'malo mwake pamaikidwa tinthambi tiwiri, ndipo timakhala pafupi kwambiri moti poti mutione mwafika kale. Ikakonzedwa, miyala imene anatchingira matayala imasiyidwa pamsewu kudikira wina. Ndiye pali aja amene sathimitsa magetsi aakulu pokumana ndi anzawo. Mukamuthwanimira kuti atsitse, iye ndiye amawonjezera. Kwa masekondi angapo nonse awiri simukuona kanthu, ndipo m'mbali mwa msewu muli bambo akukankha njinga ya makala popanda chonyezimira chilichonse. Kutsitsa magetsi sikudya mafuta, sikuchedwetsa ulendo. Amene amakana kutero amakana chifukwa cha mtima basi.

Za kabaza wa njinga zamoto ndiyankhula mosamala, chifukwa ntchito imeneyi yapulumutsa achinyamata ambiri ku ulova, ndipo kumidzi ndi imene imafikitsa odwala kuchipatala kumene galimoto sifika. Koma ana anga, ambiri mwa inu munaphunzira njinga masiku awiri pabwalo la mpira, lachitatu n'kuyamba kunyamula anthu mumzinda. Malamulo a pamsewu palibe anakuphunzitsani. Mumalowa kumanzere, mumalowa kumanja, mumadutsa maloboti atayaka ofiira, mumanyamula mayi, mwana kumsana, wina pakati, ndi thumba la ufa pathanki. Chipewa chodzitetezera chimakhala chimodzi, nthawi zina chopachikidwa pachiwongolero, kapena chili kumutu koma chingwe chosamanga. Chipewa chosamanga chimauluka munthu asanafike pansi. A WHO akuti chipewa chabwino, chovalidwa bwino, chimachepetsa kwambiri imfa ndiponso chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse. Inunso a magalimoto, wa kabaza ndi munthu. Kumupanikizira kumiyala dala chifukwa wakukwiyitsani ndi nkhanza zimene zingathere kumanda.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza akapemphe kuzonda odwala kuwodi ya othyoka mafupa ku Queen Elizabeth, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu Central. Akaona mnyamata wa zaka 22 wagona chagada, mwendo uli m'mwamba, chitsulo chalowa m'fupa, chingwe chadutsa kumapazi kwa bedi ndipo kumapeto kwake kwalendewera cholemera. Wagona choncho masabata. Pansi pa bedi pali mphasa ya mayi ake, amene asiya munda wosapalira kumudzi n'kumaphika kumalo a odikirira odwala. Njinga inali yangongole, mwini wake akuifuna. Mnyamata ameneyu m'chiwerengero cha omwalira mulibe, ndipo pawailesi sanatchulidwe. Koma banja lonse labwerera m'mbuyo zaka zingapo, ndipo mlongo wake wasiya sukulu chifukwa wolipira fizi ndi amene wagona apayu.

Boma lili ndi ngongole yake kwa ife. Kuyambira mu 2021 takhala tikulipira pazipata za pamsewu, kuyambira pa Chingeni kenako pa Kalinyeke ku Dedza, ndipo pa lita iliyonse ya mafuta pali ndalama ya misewu. Tili ndi ufulu wofunsa mizere yooneka, zikwangwani zosagwa, mahampu pafupi ndi masukulu, ndi malo oyenda apansi ndi apanjinga. Lamulo la pamsewu la 1997 lilipo, apolisi apamsewu alipo, ndipo ambiri amaima padzuwa tsiku lonse kugwira ntchito yawo mokhulupirika. Koma tonse taonapo minibasi yodzaza mopyola ikuimitsidwa, kondakitala n'kutsika atapinda kanthu m'manja, n'kubwerako akumwetulira, ulendo n'kupitirira anthu ali anayianayi momwemo. Tamvanso za malaisensi ndi mapepala a COF opezeka galimoto isanaonedwe n'komwe. Wolandira ndi wopereka onse agulitsa miyoyo ya anthu amene akhala m'galimotomo. Ndipo inu bwana amene mukagwidwa mumayamba ndi kufunsa kuti, "Ukundidziwa ine?", dziwani kuti mukuphunzitsa wapolisi wachinyamata kuti lamulo ndi la anthu osauka okha.

Oyenda pansi, nanunso thandizani. Yendani kudzanja lamanja kuti galimoto yobwera muziiona, valani zowala usiku, ndipo mwana wamng'ono musamutume yekha kutsidya kwa msewu.

Tsopano ndibwere kwa ife okwera, chifukwa apa m'pamene pagona mphamvu imene sitiigwiritsa ntchito. Mayi uja atadandaula n'kuuzidwa kuti atsike, ena tonse timatani? Timakhala chete. Wina amayang'ana pawindo, wina amatsegula foni, wina amaseka nawo. Alipo amene amafika pomudzudzula mayiyo: "Musiyeni athamange, ena tachedwa." Mumtima tonse tikuopa, miyendo taumitsa, ena akupemphera chamumtima, koma pakamwa tatseka poopa kuoneka amantha kapena ovuta. Tinaleredwa kuti tisamakangane ndi munthu pagulu, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma kukhala chete pamene munthu akupitirira pakona ndi miyoyo 15 si ulemu. Dalaivala amanyoza munthu mmodzi chifukwa waona kuti ali yekha. Anthu asanu akayankhulira limodzi, bambo wa kutsogolo n'kunena modekha kuti, "Achimwene, amayiwa akunena zoona, chepetsani," phazi limachoka pamafuta. Palibe dalaivala amene amafuna kuti anthu onse atsike n'kuitanitsa ndalama zawo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo dalaivala wanzeru adzakuthokozani, chifukwa galimoto ikagubuduzika iye amakhala kutsogolo.

Kunyumba nakonso mawu alipo. Mayi, bambo akabwera akununkha mowa n'kunena kuti akukatenga ana, bisani makiyi, mudzakambirane m'mawa. Abusa ndi mashehe, mukamapempherera anthu a paulendo, onaninso lole imene yabwera kudzanyamula akwaya kapena operekeza ukwati, muwerenge anthu amene akwera pamwamba pake. Inu amene mumakhala kumbuyo, dalaivala wakuntchito akukuyendetsani, musamuuze kuti mukufuna kufika ku Mzuzu pa nthawi imene inu nomwe mukudziwa kuti n'zosatheka popanda kuthamanga. Nyamukani msanga.

Nthawi yathu yatha. Pempho langa kwa inu amene mukwere minibasi, basi kapena Sienta mawa m'mawa ndi limodzi: wina akadandaula za liwiro, musamusiye yekha, yankhulani naye limodzi. Galimoto ikadzaza mopyola, musakwere, ibwera ina. Ndipo inu adalaivala amene mwandimvera mpaka pano muli pamsewu, mukafika pamizere yowolokera anthu yotsatira, imani, muwalole awoloke osawalizira hutala.